CHAMBA: PHINDU LA YANI, MISOZI YA YANI?

M'mwezi wa Febuluwale chaka cha 2020, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo adavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi chamba cha m'mafakitale. Lamulolo silidapatse munthu aliyense ufulu wosuta, ndipo wopezeka ndi chamba popanda chiphaso amamangidwabe. Koma mawu akanyamuka ku Nyumba ya Malamulo, pofika ku Mtsiliza amakhala atafupika. Ndime zonse za lamulo zija zidatayika m'njira, ndipo m'makutu mwa anyamata mudangolowa mawu awiri okha: "Chamba adachilola." Kholo limene likudzudzula mwana wake masiku ano lisadabwe likayankhidwa ndi mawu omwewa.

Tsopano pali ena amene akuti popeza ulendowu tidauyamba kale, tingoutsiriza: chamba chiloledwe kwathunthu, wofuna kulima alime, wofuna kugulitsa agulitse, wofuna kusuta asute, boma lizingotolera msonkho. Akuti maiko akunja amachidziwa chamba cha kuno, chimene adachitcha dzina loti Malawi Gold, ndipo akuti n'kupusa kugonera golide uku tikufa ndi njala. Ine ndikukana. Koma kukana osayamba wamvetsera ndi khalidwe la munthu wamantha. Tsono tiyambe tamva zoona zimene zili m'mawu a anzathuwa, pakuti zilimodi.

Zimene sitingakane

Chomera sichichimwa, amachimwa ndi munthu. Pali mtundu wa chamba umene mphamvu yake yoledzeretsa, imene akatswiri amaitcha THC, ndi yochepa kwambiri, kotero kuti munthu angasute mpaka chifuwa kumuwawa osamva kanthu m'mutu. Mtundu umenewu umapereka ulusi wopangira zingwe, nsalu ndi mapepala, ndipo njere zake amayengera mafuta. Pamene a Boniface Kadzamira, amene adali phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, adayamba kunena za mbewu imeneyi m'Nyumba ya Malamulo mu 2015, anzawo adawaseka. Koma mbewuyo itayesedwa ku malo a kafukufuku ku Chitedze, pa msewu wa ku Mchinji, idaoneka kuti imagwirizana ndi nthaka yathu. Palibe lamulo la Mulungu loletsa mlimi kulima chingwe.

Za mankhwala n'chimodzimodzi. M'chamba muli mphamvu inanso yosaledzeretsa, yotchedwa CBD, imene ku America adaivomereza mu 2018 kuti izithandiza ana odwala mitundu ina yovuta ya khunyu. Madokotala a maiko ena amagwiritsanso ntchito mankhwala ochokera ku chamba pochepetsa nseru ya odwala khansa. Mu Disembala 2020 nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo idachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsa koposa onse, povomereza kuti chili ndi ntchito yake m'chipatala. Eklezia sadabwa nazo zimenezi. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa ndime 2291, akuphunzitsa kuti kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo ndi tchimo lalikulu, koma akupatulapo munthu amene akuwalandira chifukwa cha matenda basi. M'zipatala zathu odwala khansa amalandira morphine, mankhwala amphamvu kuposa chamba kutalitali, ndipo chimenechi ndi chifundo. Koma taonani: morphine amakhala m'kabati yokhoma, amayezedwa ndi dokotala, ndipo sayalidwa pa benchi pamodzi ndi tomato.

Umphawi nawonso si nthano. Kwa zaka zambiri fodya ndiye wakhala akubweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja, koma osuta m'maiko olemera akunka nachepa. Mu Epulo 2021 a Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko lino, adanena poyera kuti tsogolo la fodya likutha, natchula chamba ngati imodzi mwa mbewu zoyenera kulowa m'malo mwake. Tonse tikukumbukira mizere ya galimoto zodikira mafuta, ndiponso kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023. Munthu wofunira dziko lake ndalama zakunja si mdani wa dziko.

Chotsiriza ndi ndende. Mnyamata wogwidwa ndi kandudu kamodzi akaponyedwa ku Maula, kumene anthu adathithikana kale kupitirira muyezo, amakagona pakati pa mbala zokhwima. Amalowa ali wosuta, natuluka ali wosuta ndiponso wakuba, dzina lake litada kale kwa olemba ntchito. Amene akunena kuti chilango chotere sichichiritsa munthu akunena zoona.

Zonsezi tazivomera. Koma akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tiung'ambe mkuyuwu.

Chiphaso cha madola

Boma litakhazikitsa bungwe loyang'anira ulimiwu, la Cannabis Regulatory Authority, mitengo ya ziphaso idalengezedwa cha kumapeto kwa 2020: madola a ku America 10,000 kwa wofuna kulima chamba cha mankhwala, ndi madola 2,000 kwa wofuna kulima cha m'mafakitale. Pamwamba pa chiphasocho pafunika mbewu yovomerezeka, mpanda, alonda ndi wogula wodalirika. Tsono ndifunse: mlimi wa m'mapiri a ku Nkhotakota, kumene mbewuyi yakhala ikulimidwa mobisa kuyambira kale, adawaonapo madola 10,000? Nanga mayi wokazinga mandasi ku Mtsiliza? Alimi ena adasonkherana m'makopaletivi, ena mpaka kutenga ngongole, kuti apeze chiphaso, ndipo nyuzipepala zathu zidalemba za iwo amene adakolola koma wogula osaoneka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ndi wa mphepo. Kwa mlimi wamng'ono madola a chamba akadali pachala.

Motero tili ndi chomera chimodzi chokhala ndi malamulo awiri. Wa madola amatchedwa mwini kampani, nalandiridwa pa mpando mu ofesi. Wopanda madola amatchedwa mpandu, nakwezedwa galimoto ya polisi. Uku n'kusalungama, ndipo anzathu akalozapo chala sakulakwa. Koma akulakwa poganiza kuti chamba chikaloledwa kwathunthu wosauka ndiye adzalemere. Msika ukatseguka, woyamba kufika ndi amene ali ndi galimoto.

Mbiri ya fodya itiphunzitse. Dziko lino lalima fodya wogulitsa kunja kwa zaka zoposa 100, ndipo nayenso tidamutcha golide wobiriwira. Pitani ku Mgona, mudzi umene uli m'mbali mwenimweni mwa mafakitale a ku Kanengo. Chaka ndi chaka malole odzaza mabelo amadutsa pafupi ndi makomo a anthu a kumeneko. Kodi golideyo adawamangira nyumba zingati? Bungwe la Centre for Social Concern, limene ansembe a chipani cha White Fathers adakhazikitsa ku Kanengo komweko, lidatha zaka zambiri likudandaulira boma za matenanti a m'maesiteti, anthu amene ankagwira ntchito chaka chathunthu pamodzi ndi akazi ndi ana awo, n'kutuluka ndi ngongole. Lamulo lothetsa utenanti lidachita kubwera mu 2021. Ngati golide woyamba adasiya wogwira khasu ali chimodzimodzi, n'chiyani chikutitsimikizira kuti wachiwiriyu adzakhala ndi mtima wina?

Khomo likutseguka pang'onopang'ono

Mu Novembala 2021 nduna ya zamalimidwe ya nthawiyo, a Lobin Lowe, idalembera kalata Mike Tyson, katswiri wakale wa nkhonya wa ku America, kumupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Ambiri adaipidwa pokumbukira kuti munthuyu adakhalapo m'ndende pa mlandu wogwirira mkazi. Koma padali funso linanso lofunika kufunsa. Ngati tikulima zingwe ndi mankhwala a khunyu, bwanji osasankha dokotala kapena katswiri wa zaulimi? Adasankhidwa ndi munthu wotchuka ndi kusuta ndiponso kugulitsa chamba chosuta. Mnyamata wa ku Mtsiliza sawerenga ndime za lamulo, koma nkhope ya Tyson amaidziwa, ndipo phunziro lake adalimva.

Mu Malichi 2024 aphungu adavomerezanso bilu imene adabwera nayo a Peter Dimba, amene pa nthawiyo ankaimira kummwera kwa Lilongwe, yofuna kulola kulima chamba chathu cha makolo, chija chimaledzeretsa kwenikweni, ponena kuti ndicho chimene ogula akunja akufuna. Lonjezo ndi lomwe lija: n'chogulitsa kunja, sichidzafika kwa ana athu. Koma munda ulibe chitseko. Ndife dziko limene mankhwala a m'zipatala za boma amapezeka akugulitsidwa m'misika, ndipo feteleza wa makuponi amathera m'manja mwa mavenda. Ngati talephera kulonda botolo la mankhwala m'chipinda chokhoma, tidzalonda bwanji maekala a chamba kuthengo? Nanga chimene wogula wakunja adzachikane kuti sichidafike pa muyezo chidzapita kuti? Sichidzatenthedwa chonse ayi. Chidzakwera njinga ndi minibasi, ndipo msika wake uli pafupi: Mtsiliza, Mtandire, Chinsapo, Kawale, Biwi, Area 23, Area 25.

Kumene utsi umatsikira

Mtsiliza ndi mudzi wa anthu olimbika. Uli pafupi ndi nyumba zamipanda za ku Area 47 ndi bwalo lalikulu la masewera la Bingu, koma ambiri mwa anthu ake amakhala m'nyumba za lendi za chipinda chimodzi kapena ziwiri, amatunga madzi pa kiyosiki, ndipo amadya za tsiku lomwelo: ganyu ya zomangamanga, kabaza, kuchapa ndi kulonda m'nyumba za ena, geni ya pamsika. Makolo akatuluka m'bandakucha n'kubwerako dzuwa litalowa, ana amaleredwa ndi msewu. Mnyamata amene sadapeze malo ku sekondale, kapena adawapeza koma fizi idasowa, ali ndi tsiku lathunthu lopanda chochita, mawa chimodzimodzi. Wogulitsa chamba amawadziwa maola amenewa kuposa ife makolo.

Amamuuza kuti chimapatsa mphamvu pa ganyu, chimachotsa manyazi, chimatsegula mutu pa mayeso. Zoona zake n'zakuti ubongo wa munthu umapitirira kukula mpaka cha m'ma zaka 25, ndipo THC amasokoneza mbali zake zimene zimathandiza munthu kusunga zinthu m'mutu, kutchera khutu ndi kuganizira za mawa. Wachinyamata wosuta tsiku ndi tsiku amayamba kuiwalaiwala, amafooka pa sukulu, ndipo ena amafika poti sangathe kugona kapena kudya asanasute. Sindikunena kuti wosuta aliyense amapenga. Tikanama chotero ana athu adzatiseka, pakuti akuwadziwa osuta amene akuyenda bwinobwino. Koma madokotala adapeza kuti woyamba ali wamng'ono, wosuta kawirikawiri, ndiponso wosuta chamba champhamvu, ali pa ngozi yaikulu yodwala misala kuposa wosasuta, makamaka ngati nthendayo ili kale ku mtundu kwawo. Ndipo chamba chathu chimatchuka chifukwa cha mphamvu yomweyo. Palibe mwana amene amadziwiratu ngati iye ndiye adzapulumuke kapena ndiye adzayambe kumva mawu a anthu osaoneka.

Tsono akadwala adzapita kuti? Chipatala chachikulu cha boma cha nthenda za maganizo chili ku Zomba, kutali ndi ife. Tiyamike abale a chipani cha St John of God, amene adayambira ntchito yawo ku Mzuzu ndipo tsopano akuthandizanso kuno ku Lilongwe. Koma manja awo sangafungatire dziko lonse. Madokotala enieni a nthenda zimenezi m'Malawi monse muno ndi owerengeka. Anzathu amatikumbutsa kuti Uruguay idalola kusuta mu 2013, Canada mu 2018. Inde, koma maiko amenewo ali ndi zipatala, alangizi ndi chuma cholipirira zolakwa zawo. Ndiponso ndi maiko odzala ndi anthu akuluakulu, pamene kuno kalembera wa 2018 adapeza kuti oposa theka la Amalawi adali asanakwanitse zaka 18. Lamulo limene ku Canada ndi la akulu, kuno lidzagwera ana.

Abale athu obwera kuchokera ku Johannesburg amatiuzanso kuti ku South Africa khoti lalikulu lidagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu angathe kusuta ali kwa yekha. Chabwino. Koma kwa yekha n'kuti m'nyumba ya chipinda chimodzi, m'mene mukugona bambo, mayi ndi ana anayi? Utsi wa bambo umathera m'mphuno mwa khanda.

Mwana wa m'nyumba ya mpanda akagwa, makolo ake amamupezera dokotala mwakachetechete, n'kumubwezera ku sukulu. Mwana wa ku Mtsiliza akagwa, amatsekeredwa m'nyumba, mwinanso kumangidwa ndi chingwe, ndipo amene amasiya geni kuti amusunge ndi mayi wake. Ndalama ya lendi imathera m'maulendo a kuchipatala, azing'ono ake amagona kwa anansi chifukwa cha mantha. Mtengo umenewu sulembedwa m'mabuku a iwo amene akutiwerengera madola.

Lamulo ndi mphunzitsi

Ena amati osuta akusutabe ngakhale pali lamulo, tsono lamulolo lili ndi ntchito yanji? Akuba nawonso akubabe, koma sitidaganizepo zofafaniza lamulo loletsa kuba. Ntchito ya lamulo si kugwira olakwa kokha. Lamulo limauza mwana chimene anthu a mtundu wake amachiyesa chabwino ndi chimene amachiyesa choipa, ndipo limapatsa kholo ndi mphunzitsi poponda pamene akudzudzula. Chotsani lamulo, mayi wamasiye uja adzatsala yekha kutsutsana ndi mwana wake, anzake a mwanayo, wogulitsa, ndi boma lomwe.

Amatinso chamba chikaloledwa, boma lidzachiyang'anira bwino ndipo ana sadzachigula. Zimenezi tidazimva kale. Mowa wa m'masacheti udali wololedwa, wopangidwa m'mafakitale olembetsedwa, wokhomeredwa msonkho. Udatsika mtengo mpaka mwana wa sukulu ankatha kuugula ndi ndalama ya mandasi, n'kuubisa m'thumba la yunifolomu. Boma lidachita kuuletsa mu 2015, achinyamata ambiri ataonongeka kale. Lamulo loletsa kugulitsa mowa kwa ana lilipo, koma ndani adaonapo mwini shabini akufunsa chitupa? Wogulitsa mobisa amaopa. Wogulitsa ndi chiphaso saopa kanthu, amaitanira malonda, ndipo phindu lake limakula osuta akamachuluka. Walira mvula walira matope.

Palinso amene amati chamba adalenga ndi Mulungu, tsono munthu angachiletse bwanji? Adachilengadi. Adalenganso mwabvi ndi nkhadze, koma palibe mayi amene amathira utomoni wa nkhadze m'phala la mwana wake. Mphatso imene Mulungu adasiyanitsa nayo munthu ndi nyama ndi nzeru ndi ufulu wosankha chabwino. Kuzimitsa nzeruzo mwadala pofuna kusangalala ndiko kunyoza Mwini mphatso. N'chifukwa chake malemu Papa Francis, polankhula ku Roma mu Juni 2014 kwa akuluakulu olimbana ndi malonda a mankhwala ozunguza bongo, adakana zoti kuloleza mankhwala amene ena amawati ndi opepuka kungathetse vutoli. Koma Apapa sadalekere pamenepo. Adaonjeza kuti wokana mankhwalawa ayenera kuvomera moyo, chikondi, maphunziro ndi ntchito za achinyamata.

Kukana kokha sikukwanira

Apa ndipo mlandu ukutembenukira kwa ife Akhristu. N'kwapafupi kukana chamba m'tchalitchi Lamulungu m'mawa. Chovuta ndi Lolemba. Ambiri a ife tikuidziwa nyumba imene amagulitsirako, ndipo mwina mwini nyumbayo ndi mkhristu mnzathu amene amalandira lendi osafunsa kumene ikuchokera. Bambo wobwera usiku uliwonse akudzandira ndi kachasu alibe pakamwa podzudzulira mwana wosuta. Mwana akayamba kusokonezeka, timathamangira kunena kuti walodzedwa, n'kutaya miyezi ndi ndalama kwa asing'anga, pamene kuchipatala akadathandizidwa msanga. Mayi wake akasiya kubwera ku mphakati chifukwa cha manyazi, timamujeda m'malo mokamuona. Tidaiwala kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Miphakati yathu iyambire pamenepa. Mnyamata wosuta asathamangitsidwe pa tchalitchi, pakuti kumene tikumuthamangitsirako kuli anthu omudikira. Mmisiri wa matabwa, wowotcherera zitsulo, telala ndi makanika amene ali mu mphakati aliyense atenge wachinyamata mmodzi amuphunzitse ntchito. Bwalo la parishi lisakhale chotseka mkati mwa mlungu pamene ana alibe posewerera mpira. Amayi Achikatolika aperekeze mnzawo kuchipatala ndi mwana wake, asamusiye yekha.

Ndipo makomiti a Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi mwathu apite kwa aphungu ndi mawu omveka. Ulimi wa chamba cha m'mafakitale upitirire, ndipo chiphaso chake chikhale pa mtengo umene kalabu ya alimi ang'onoang'ono ingathe. Chamba cha mankhwala chikhale m'manja mwa madokotala, monga alili morphine. Gawo lodziwika la ndalama za ziphaso lipite ku chithandizo cha odwala maganizo ndi ofuna kusiya kusuta. Mnyamata wogwidwa koyamba ndi kandudu atumizidwe kwa alangizi ndi ku ntchito yothandiza mudzi wake, ndipo ndende isungidwire iwo onyamula matumba pa malole ndi iwo ogulitsa kwa ana. Koma khomo la kusuta ndi kugulitsa poyera lisatsegulidwe.

Inu olemekezeka a ku Nyumba ya Malamulo, tsiku limene nkhaniyi idzabwerenso pamaso panu, musadzangomva akatswiri a zachuma okha. Mudzaitanenso anamwino a ku Zomba, aphunzitsi a m'masukulu a m'makwalala athu, ndi amayi a ku Mtsiliza amene akusunga ana odwala. Amene akutiwerengera madola ayambe atiwerengera ana. Dziko limene lidzagulitse nzeru za ana ake kuti ligule mafuta a galimoto lidzazindikira mochedwa kuti mafuta alipo, koma woyendetsa palibe.